Jombo youmbira phazi lanu kapena chigoba cha m'sitolo: mafunso a otsetsereka pamadzi

Munthu akamaonera wosewera water ski akukokedwa ndi boti, maso amathamangira ku chipupa cha madzi chimene chimathovoka akamakhota, kapena ku mikono imene yakakamira chingwe. Oyang'ana kumapazi ndi ochepa. Koma eni masewerawa akakhala padoko kudikira kuti alowe m'madzi, nkhani imene sichedwa kuwakanganitsa ndi ya jombo. Uyu akuti gula chigoba cholimba cha m'sitolo, uyo akuti kaumbitse yakoyako yotengera phazi lako, wachitatu wavala ya mphira yachikale ndipo akungowaseka onse awiri. Mafunso otsatirawa ndi amene amabwerabwera pa mkanganowu.

Jombo ili ndi ntchito yanji pamadzi? Si thabwa limene limatsetsereka?

Ndi thabwa, inde, koma thabwalo limangomvera phazi. Nkhani ya jombo imakula kwambiri pa mpikisano wa slalom, pamene munthu amaima pa ski imodzi, phazi lina kutsogolo lina kumbuyo kwake. Bwalo lake ndi lotalika mamita 259 ndipo lili ndi mipira yoyandama 6 yoti aizungulire, itatu kumanja itatu kumanzere. Mpira uliwonse uli pa mtunda wa mamita 11.5 kuchokera pamzere umene boti limadutsa. Kwa amuna liwiro la boti limafika makilomita 58 pa ola, kwa akazi 55, ndipo pa 58 paja bwalo lonse limatha m'masekondi 16 okha.

Munthu akamaliza mipira yonse pa liwiro lalikululi, chingwe amachifupikitsa. Chimayambira pa mamita 18.25, n'kutsika ku 16, ku 14.25, ku 13, ku 12, kenako ku 11.25. Pamenepa chingwe chafupika kuposa mtunda wokafika pa mpira, moti chotsalacho munthu amakwaniritsa ndi thupi lake atadzitambasula, dzanja limodzi lokha lili pachogwirira. Mu 2013 Nate Smith wa ku America anazungulira mipira iwiri ndi theka pa chingwe cha mamita 9.75, n'kukhazikitsa mbiri ya dziko lonse.

Kuti zimenezi zitheke, wosewera amapendeketsa ski kuti m'mphepete mwake mudye madzi, n'kudula mafunde a boti pa liwiro loposa la botilo, kenako n'kuitembenuzira mbali inayo m'kuphethira kwa diso. Kutembenukako kumayambira m'chiuno, kutsikira m'bondo, mumsongolo, mpaka pakakolo. Phazi likamagwedera m'jombo, bondo limapita koma ski imatsalira pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo mpira wakudutsa kale.

Kale ankavala chiyani?

Ralph Samuelson, mnyamata wa zaka 18 amene anayambitsa masewerawa mu 1922 pa nyanja ya Pepin ku Minnesota, anamangirira mapazi ake pa matabwa awiri a paini ndi timalamba tachikopa. Pambuyo pake kunabwera jombo za mphira, zimene zinalamulira kwa zaka zambirimbiri. Ya mpikisano imakulunga phazi mpaka pamwamba pa kakolo, ndipo imathina moti umayamba wathira sopo kuti ulowemo. Sitolo ya Wiley's ya ku Seattle ikupangabe zoterezi, ogula aliponso. Ubwino wa jombo ya mphira ndi wakuti imagwira ntchito ziwiri payokha: imagwira phazi, ndipo ukagwa moipa imatamuka, phazi n'kutuluka.

Zigoba zolimba zinabwera pamene osewera ena anayamba kutenga nsapato zotsetserekera pamsewu, zija za timatayala tondondozana pamzere umodzi, n'kuchotsa matayalawo n'kumanga chigobacho pa ski. Anaona kuti ski ikumvera msanga. Anaonanso kuti chigoba cha pulasitiki sichitamuka, ndiye phazi silingatulukemo lokha. Mkangano wonse wa jombo umachokera pa zinthu ziwirizi.

Chigoba cha m'sitolo chimakhala chotani?

Pansi pali chigoba chenichenicho, chokuta phazi. Pamwamba pali khosi lokulunga mwendo, lolumikizidwa ndi timabawuti tiwiri cha pa akakolo, kuti mwendo uziweramira kutsogolo koma usamapendamire m'mbali. Pali zomangira ziwiri kapena zitatu. M'kati mumalowa nsapato yofewa ya siponji yotchedwa liner. Zonsezi zimakhala pa puleti yomangidwa pa ski, ndipo penapake pamakhala chomasulira, chimene ntchito yake ndi kulekanitsa munthu ndi thabwa zikavuta.

Kufakitale zigobazi amaziumba pa chikombole cha phazi wamba, m'masaizi owerengeka chabe, ndipo kawirikawiri chigoba chimodzi chimaimira masaizi angapo a nsapato. Ndiye kuti wa phazi lotakata kutsogolo, wa kachidendene kowonda, wa fupa lotukuka pa chala chachikulu, onsewa akulowa m'chikombole chimodzi.

Nanga kuumbira jombo phazi la munthu kumachitika bwanji?

Pali njira zingapo zosiyana mtengo kutalitali, ndipo okangana padoko aja amakonda kuzisakaniza.

Yotsika mtengo kwambiri ndi chopondera cham'kati choumbidwa motengera kunsi kwa phazi. Phazi lathyathyathya likalemedwa limagwera m'kati, kakolo n'kulitsatira, bondo nalo n'kupendama, ndipo ski imayamba kukokera mbali imodzi mwini wake asakudziwa chifukwa chake. Chopondera chabwino chimachirikiza pamene phazi limapindikira m'mwamba, n'kuletsa kugwako. Chisakhale chochindikala, chifukwa chimakweza phazi kutali ndi ski.

Yachiwiri ndi kuumba liner ndi kutentha. Kampani ya Intuition ya ku Vancouver ku Canada ndiyo yotchuka pa siponji yamtunduwu, imene imafewa n'kufufuma ikatenthedwa. M'masitolo amaiika mu uvuni wapadera. Kunyumba ena amathira mpunga wosaphika m'sokosi yaitali, kuutenthetsa mu microwave, n'kuukankhira m'kati mwa liner mpaka itafewa. Nthawi imeneyo mwini phazi wavala kachipewa ka siponji kuzala, kuti zalazo zidzapeze malo opumira, ndipo paliponse pamene pali fupa lotukuka wamatapo kachidutswa. Liner yotenthayo ili m'chigoba, phazi limalowa, zomangira n'kutsekedwa, munthu n'kuima mawondo atapinda pang'ono kwa mphindi pafupifupi 10 osasuntha, phazi likuotcha, mpaka siponji itazizira. Akavula n'kupisa dzanja m'katimo amapeza chidindo cha phazi lake: tikadzenje ta akakolo mbali zonse ziwiri, ndi kamzere ka mtsempha wa kuchidendene.

Yachitatu ndi kukonza chigoba chenichenicho, luso lochokera kwa amisiri okonza jombo za ski ya pa chipale chofewa. Amapaka lipisitiki kapena inki pa fupa limene likupweteka, munthu n'kulowetsa phazi, chizindikiro n'kutsalira m'kati mwa chigoba. Pamalo pomwepo amatenthetsa pulasitiki ndi mpweya wotentha n'kukankhira kunja ndi chida mpaka patatukuka, kapena amapalapo pang'ono.

Yachinayi ndiyo kuumbitsa jombo yonse kuyambira pachiyambi. Phazi amalikulunga ndi nsalu ya pulasitala monga muja amachitira pomanga chikhakha kuchipatala, kapena amalijambula mbali zonse ndi makina. Kuchokera pamenepo amapanga phazi lachiwiri lolimba, ndipo pa ilo amayala nsalu ya kaboni n'kuithira guluu wouma gwa. Akatswiri a mpikisano wothamanga pa ayezi akhala akuumbitsa nsapato zawo motere kwa nthawi yaitali. Ndi ntchito ya manja, imadula, ndipo umadikira.

Ndiye yachinayiyo ndiyo yabwino koposa?

Ngati funso ndi la kukwana, palibe chokambirana. Suti imene telala wakuyezani imakhala bwino pathupi kuposa ya pahang'ala m'sitolo. Phindu lalikulu lili pachidendene. M'chigoba chotakata chidendene chimanyamuka munthu akamaweramira kutsogolo, ndiye amamanga zomangira mwamphamvu kuti achitsekereze. Magazi amasiya kuyenda bwino, ndipo asanamalize maulendo ake m'bwalo phazi lachita dzanzi, minofu ya kunsi ikukokana. Wa dzanzi samvanso zimene ski ikuchita. M'jombo yokwana, chimene chimagwira chidendene ndi kaumbidwe kake, moti zomangira zimangotsekedwa mopepuka. Kaboni nayenso ndi wopyapyala ndiponso wopepuka, phazi limakhala pafupi ndi thabwa.

Koma suti sikhala ndi udindo wokuvulani yokha mukagwa, pamene jombo ili nawo. Ndipo kulimba pakokha si dalitso. Jombo imene imafikitsa ku ski kayendedwe kalikonse ka mwendo imafikitsanso zolakwa zonse: kunjenjemera kwa bondo, kudzidzimuka podutsa mafunde, kutsamira msanga. Jombo ya mphira imameza zina mwa zimenezi. Munthu amene kaimidwe kake sikanakhazikike akavala yolimba kwambiri amadabwa kuti ski yasanduka yaukali, imakhota asanafune. Kwa ine, amene akuganiza kuti jombo youmbitsa imuwonjezera mipira pomwe phazi lake silimupweteka m'chigoba wamba, ndalama zakezo akanalipira mphunzitsi ndi mafuta a boti.

Kodi jombo yogwira bwino siiteteza kakolo?

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa kugwira phazi ndi kumasula phazi ndi zinthu ziwiri, ndipo woumba jombo amakugulitsani choyamba chokha.

Taonani mmene anthu amavulalira pa slalom. Kugwa koopsa kwambiri ndi kwa kutsogolo: nsonga ya ski yamira m'madzi, kapena ski yaima mwadzidzidzi pokhota pa mpira, koma thupi likupitabe. Kulemera konse kumathera pa kakolo wakutsogolo, amene amapindika kupitirira malire ake. Zotsatira zake ndi kuduka kwa mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene, wotchedwa Achilles, kapena kuthyoka kwa mafupa a pakakolo. Kugwa kwina ndi kopotokola, pamene madzi agwira ski n'kuizunguza thupi lisanazungulire nayo. Kwachitatu ndi pamene phazi limodzi latuluka lina n'kutsalira, ski yonse yaitaliyo n'kumapotola mwendo umodzi.

Jombo yolimba yokwana bwino imatetezadi kakolo kuti asabinyike cham'mbali. Koma mphamvu ya kugwa sizimiririka, imangokwera kukafuna malo ena ofooka. A ski ya pa chipale chofewa anaziona zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1970: jombo za pulasitiki zitatalika ndipo zomasulira zitayamba kugwira bwino ntchito, kuthyoka kwa akakolo ndi misongolo kunachepa, koma kuvulala kwa mitsempha ya m'bondo kunachuluka. Pamadzi nkhani yake ndi yofanana. Jombo ikamagwira kwambiri, m'pamenenso mwendo wanu ukudalira kwambiri chomasulira.

Zomasulirazo zimagwira ntchito bwanji?

Zilipo za mitundu ingapo, ndipo chilichonse chili ndi kugwa kumene chimakudziwa bwino ndi kumene chimakuphonya.

Cha kampani ya Reflex ya ku France n'chofala kwambiri m'mipikisano. Nsonga ya jombo imalowa pansi pa kachitsulo kokhota, ndipo kuchidendene kuli chopanira cha sipuling'i chimene poyamba chinachokera ku zipangizo za Silvretta za okwera mapiri pa ski. Chidendene chikakokedwa m'mwamba ndi mphamvu yopitirira muyeso, chopaniracho chimatseguka, munthu n'kuuluka ndi jombo yake, ski n'kutsala. Pali bawuti yowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya sipuling'iyo. Chinapangidwira kwenikweni kugwa kwa kutsogolo, ndipo kumeneko n'kumene chimaonetsa ntchito yake.

A Goode a ku Utah anatenga njira ina pa jombo zawo za Powershell. Zigoba zonse ziwiri zili pa puleti imodzi, ndipo puletiyo imamatidwa pa ski ndi tepi ya Dual Lock ya kampani ya 3M, yokhala ndi timitu tapulasitiki tambirimbiri tolowana. Kugwa kukakula puleti yonse imamatuka, mapazi onse awiri n'kuchoka pamodzi. Kuchuluka kwa tepi ndiko kumanena mphamvu yofunika kuti imatuke, ndipo timituto timatha mphamvu tikamatuka kambirimbiri. Palinso mapuleti ena ogwidwa ndi timisomali ta sipuling'i, amene munthu angamangepo jombo imene wasankha.

Ndiye pali jombo zapakatikati, monga Vapor ya kampani ya Radar. Chigoba chake chimatsalira pa ski, chimene chimatuluka ndi phazi pamodzi ndi liner. Zingwe za pakhosi pake n'zotamuka dala. Amene amazikoka mpaka kumapeto pofuna kuti jombo igwire kwambiri watseka yekha khomo lotulukira.

Palibe chomasulira chimene chimatseguka pa kugwa kulikonse. Ndiponso kulephera kuli pawiri: kukana kumasuka pofunika, ndi kumasuka posafunika. Chomasulira chofooka kwambiri chikhoza kutaya munthu pakati pa mafunde a boti ali pa liwiro lake lonse, asanagwe n'komwe, ndipo kumeneko kuvulala kwake n'kwa nthiti, khosi ndi mutu.

Kodi ndingamange jombo youmbitsa pa chomasulira cha m'sitolo?

Anthu amatero, koma pafunika maso. Chomasulira chilichonse anachiyesera pa jombo ya kutalika kwakuti, yolimba mwakuti, ya chidendene chokwera mwakuti. Pa mtundu wa Reflex, mwachitsanzo, kuseri kwa jombo kuli kachipika kamene chopanira chimaluma. Kachipikako kakakwera kapena kutsika pang'ono, kapena jombo ikafupika n'kusiya mpata kutsogolo, nambala imene yalembedwa pa sipuling'i siikunenanso zoona.

Khosi la jombo nalo lili ndi mbali yake. Mwendo ukamagwera kutsogolo, ndi khosilo limene limanyamula chidendene kuti chopanira chitseguke. Wina akalidula kuti lifupike, kapena akalisiya lomasuka kwambiri pofuna kuti bondo liziyenda momasuka, kakolo amapindika mpaka kumapeto jombo isanayambe n'kunyamuka komwe, ndipo mtsempha umaduka chopanira chili chitsekere. N'chimodzimodzinso amene watenthetsa chigoba cha m'sitolo mopitirira mpaka pansi pake papindika. Choncho mmisiri woumba jombo ya pamadzi ayenera kuona chomasulira chimene idzakhalepo asanayambe ntchito. Amene amangodziwa nsapato za pa ayezi akhoza kukuumbirani jombo yokwana bwino kwambiri koma yosayenera ski.

Ndingadziwe bwanji kuti chomasulira chili bwino ndisanalowe m'madzi?

Amachiyesa pamtunda. Ski amaigoneka pa kapinga kapena m'mphepete mwa doko, chipsepse chake chapansi chili lende kuti chisapindike. Mwini wake amavala jombo yakutsogolo n'kumanga monga amamangira akamasewera. Mnzake mmodzi amaponda ski kumbuyo kwa jomboyo, wina amaima kutsogolo kuti amuwakhe. Kenako amaponya mwendo winawo patsogolo mwamphamvu, bondo la m'jombo likutsatira. Jombo iyenera kumasuka atachita khama ndithu, koma asanamve ululu kumbuyo kwa chidendene. Ikamasuka atangogwedezeka, yafooka. Akamva mtsempha ukukokeka koma jombo ili phee, yalimba mopitirira.

Kuyesaku si kwa tsiku logula lokha. Kumafunika nyengo yosewera ikamayamba, mukasintha liner, mukakhudza bawuti iliyonse, ndiponso pambuyo pa kugwa kwakukulu. Nambala ya mnzanu si yanu, chifukwa kulemera, kutalika kwa phazi ndi kaseweredwe zimasiyana.

Mapazi onse awiri akhale m'zigoba, kapena lakutsogolo lokha?

Akatswiri sagwirizana, ndipo mbali zonse ziwiri zapambanapo. Ena amavala jombo kutsogolo kokha, phazi lakumbuyo n'kungolowetsa zala m'kalamba kamphira, chidendene chili pamtunda. Andy Mapple wa ku Britain, amene anakhala katswiri wa dziko lonse wa slalom ka 6 pakati pa 1981 ndi 2001, ankasewera chotero, ndipo Nate Smith nayenso amadziwika ndi kalambako. Amati chidendene chomasuka chimalola chiuno kubwera kutsogolo. Ena amafuna mapazi onse omangidwa kuti lakumbuyo lisaterereke podutsa mafunde. Palinso jombo zakumbuyo zodulidwa khosi, zogwira phazi koma zosiya mwendo uli womasuka.

Chosafunika ndi kusakaniza mosaganiza. Jombo yakutsogolo yomasuka msanga pamodzi ndi yakumbuyo yothina kwambiri zimabweretsa kugwa kuja kwa phazi limodzi kunja lina m'kati. Mapazi azituluka onse awiri mosavuta, ndipo lakumbuyo lisakhale lomaliza kukakamira. Ngati ndalama zoumbitsira zikukwanira phazi limodzi, ndi lakutsogolo, chifukwa ndilo limawongolera.

Ndani amene akufunikadi jombo youmbitsa yonse?

Amene chikombole cha kufakitale chamukana. Wa phazi lotakata kwambiri kapena lowonda kwambiri. Wa pamwamba pa phazi pokwera moti chomangira chapakati chimamudula magazi ngakhale atachimasula. Amene anathyokapo kakolo n'kutsala ndi fupa lotukuka kapena zitsulo za dokotala pansi pa khungu. Wa miyendo ya matewe kapena ya mawondo ogundana, amene akaima m'chigoba chowongoka ski imapendama yokha, ngakhale kuti ambiri oterewa amathandizika pongopendeketsa khosi la jombo kapena kuika kopyapyala pansi pa mbali imodzi.

Enawo, amene ndi ochuluka, njira zitatu zoyamba zija zimawakwanira. Nzeru ndi kuzitsata mwa dongosolo: chigoba cha saizi yoyenera, liner youmbidwa ndi kutentha, chopondera ngati phazi likugwera m'kati, kenako kutukula malo amodzi kapena awiri opweteka. Zonsezi zikalephera, pamenepo kuumbitsa kuli ndi chifukwa. Mwana amene akukula asamuumbitsire n'komwe, chifukwa chaka chamawa phazilo ndi lina.

Pogula chigoba, saizi ndiidziwe bwanji?

Musayese ndi liner m'kati, chifukwa siponji yatsopano imanamiza. Ichotseni, lowetsani phazi lopanda sokosi m'chigoba chokhachokha, n'kulisendeza kutsogolo mpaka zala zitakhudza pang'ono. Wina ayang'ane mpata umene watsala kuseri kwa chidendene. Chala chimodzi kapena ziwiri, kutanthauza sentimita imodzi kapena masentimita awiri, ndi bwino. Zikalowa zala zitatu, chigobacho n'chachikulu.

Ambiri amalakwitsa pogula chachikulu chifukwa chimamveka bwino m'sitolo. Siponji imaphwa ikagwira ntchito, madzi ozizira amachepetsa phazi, ndipo pakapita masabata angapo munthu amakhala akusambira m'jombo yake. Chigoba chothina pang'ono mmisiri akhoza kuchikulitsa, koma chachikulu palibe amene angachichepetse. Kumbukiraninso kuti zigoba zimakhala za kumanja ndi za kumanzere, ndiye muyenera kudziwa phazi limene mumatsogoza.

Ndasintha jombo, ndipo ski yanga yasanduka yachilendo. Chalakwika n'chiyani?

Mwina palibe chalakwika. Osewera slalom amayeza malo a jombo yakutsogolo kuchokera kumchira kwa ski kukafika kuseri kwa chidendene. Pa ski ya mainchesi 67 mtundawu umakhala pafupifupi mainchesi 30, ndipo kusuntha kwa mamilimita 3 okha kumamveka pamadzi. Vuto ndi lakuti kuseri kwa jombo ya mphira, ya pulasitiki ndi ya kaboni n'kosiyana kuchindikala. Mukakopera nambala yakale, kakolo wanu akhoza kukhala kuti wasunthira kutsogolo kapena kumbuyo. Ochenjera amalemba pa ski pamene pali fupa la kakolo asanachotse jombo yakale, n'kuikapo yatsopano motsata chizindikirocho.

Thupi nalo limafuna nthawi. Wochokera ku mphira amazolowera kukankha bondo mwamphamvu kuti ski imve, ndiye m'chigoba mphamvu yomweyo imachuluka. Masiku oyamba ndi ochepetsa liwiro la boti, kutalikitsa chingwe, ndi kusiya chipsepse mmene chinalili. Wosintha jombo ndi chipsepse tsiku limodzi sadziwa chimene chamuthandiza kapena chamupweteka.

Nanga pa mitundu ina ya mpikisano?

Ochita zopiringizika pa ski yaifupi, amene amazungulira ndi kudumpha chadodolido, ambiri amavala chigoba kutsogolo ndi kalamba kamphira kopingasa kumbuyo. Odumpha patali, amene amakwera thabwa lotsetsereka n'kuuluka, monga Ryan Dodd wa ku Canada amene anafika mamita 77.4 mu 2017, ambiri akadali pa jombo za mphira.

Ine ndimangoyesa ndikapita kunyanja patchuthi. Zonsezi zikundikhudza?

Ayi. Malo ena ogona alendo m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, monga cha ku Mangochi, amakoka alendo pa ski, ndipo zimene ophunzira amapatsidwa ndi ma ski awiri okhala ndi zolowetsamo mapazi za mphira zosendezeka, zokwana aliyense. Pa liwiro la wophunzira zimenezo n'zoyenera, chifukwa zimavuka msanga. Chofunika ndi kuzisendeza kuti phazi lisamagwedere koma lizitha kutuluka mutalikoka, kuvala jekete yoyandamitsa yokwana bwino, ndi kupita m'mawa nyanja isanayambe kuwinduka, makamaka m'miyezi ya mwera. Mipikisano ya slalom yokha imakonda kuchitikira pa timadamu tokumbidwa dala totchingika ku mphepo, chifukwa mafunde ndi jombo yolimba sizimvana.

Za mtengo ndi kasamalidwe, zikusiyana bwanji?

Chigoba cha m'sitolo pamodzi ndi puleti ndi chomasulira chimadya madola mazana angapo. Jombo youmbitsa imawonjezera pamenepo, popeza chomasulira mugulabe padera. Kusiyana kwina kumaoneka pambuyo. Chigoba wamba chikang'aluka mumaitanitsa china chofanana n'kumangapo tsiku lomwelo, ndipo mukatopa nacho mumagulitsa. Youmbitsa ilibe wina amene ingamukwane, ndipo ikasweka pakati pa nyengo ya mipikisano mumadikira mmisiri. Phazi lenilenilo limasinthanso munthu akanenepa, akaonda, akavulala kapena akamakula, pamene kaboni sasintha. Siponji yokha ndiyo imatheka kuiumbanso kangapo.

Adani a zonsezi ndi dzuwa, mchenga ndi mchere. Pulasitiki yokhalitsa padzuwa imauma n'kuyamba ming'alu, makamaka mozungulira timabawuti ta pa akakolo ndi pamene zomangira zakhomedwa. Mchenga ukalowa m'chopanira umasintha mphamvu yake, ndipo madzi a mchere amadyetsa dzimbiri sipuling'i. Mukatuluka m'madzi tsukani ndi madzi abwino, chotsani liner iume pamthunzi, ndipo musasiye ski m'galimoto yotseka padzuwa, chifukwa kutentha kumene kunaumba siponji ija kukhoza kuiumbulanso. Musanalowe m'madzi gwedezani jombo ndi manja ili pa ski, muone ngati pali bawuti yomasuka kapena mng'alu watsopano kuchidendene.